Kakiyi ka Garikai

Tandiyankhani chilape ichi, inu amene munakhala pa desiki mpaka thalauza kubooka. Ana ambirimbiri a bambo mmodzi, amagona mosanjikizana m'nyumba yozizira ngati mosungira nyama. Pakamwa alibe, makutu alibe, koma ukanong'oneza wamkulu wawo onse amamva, ndipo aliyense amayankha payekha. Ndani amenewo?

Mwakanika? Musachite manyazi, ng'ombe sindikulipitsani. Achimwene anga a Zvenyika nawonso sankadziwa. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anakana kuvomera.

"Chinthu cha malemu sichigwira ntchito chisanagawidwe," anatero a Zvenyika, akusisita kakiyi kamene kanali lende pamwamba pa tayi wawo. "Ndanena ine, mutu wa banja lino."

Tinali titangobwerako kumudzi ku Buhera kumene tinakaika mlongo wanga wamng'ono, Garikai. Nyumba yake ya ku Mufakose, mu Harare, inali idakali mbee, mipando yonse ili panja pansi pa mtengo wa mapeyala, kupatula umodzi, wa malemu, umene a Zvenyika anaulowetsa okha n'kukhalapo. Ife ena tonse tinali pamphasa.

Kakiyiko musakaganize ngati ka pachitseko. Kanali kachinthu kakuda, kaphanthi ngati nthanga ya dzungu, kokhala ndi kadontho ka golide pakati. Garikai ankakavala m'khosi pa chingwe cha nsapato, kutchalitchi nako, kubafa nako. Atatsirizika, anamwino anapereka kakiyiko pamodzi ndi wotchi kwa mkulu wake, ndipo mkulu wakeyo sanakavulenso.

Mlendo wathu tsiku limenelo anali Mayi Mhlanga, bwana wa Garikai ku ntchito. Anavula nsapato pakhomo, namanga chitenje pamwamba pa siketi ya ku ofesi, n'kukhala nafe pansi.

"Bambo," anatero ataomba m'manja, "ndiloleni ndifotokozenso. Makompyuta athu aja alipo mazanamazana, koma amagwira ntchito ngati mutu umodzi, kuwerengera za mvula. Malemu ankawaika mapulogalamu atsopano, matenda n'kuwapeza ali pakati. Pano theka likuyankhula zatsopano, theka zakale. Sakumvana. Angokhala duu, kudya magetsi. Gawo lotsala malemu analikonza kale, koma analitseka ndi kakiyi kameneko."

"Ndiye?"

"Akuluakulu anena kuti sabata ino ikatha tifufute zonse, tiitane kampani ya ku Joni idzayambe pachiyambi. Chilichonse chimene Garikai anamanga m'zaka zonsezi chipita."

"Kiyi ndi ndodo ya mwamuna," anatero a Zvenyika. "Garikai sanasiye mwana wamwamuna. Ndodo ikhala ndi ine mpaka tsiku logawa zovala, ndipo tsikulo ndinena ine, mvula ikatha."

Apa m'pamene Nyarai anasendera kutsogolo. Nyarai ndi mwana yekhayo wa Garikai, mayi wamkulu ndithu, ndipo chitsirizireni yunivesite wakhala akugwira ntchito ndi bambo ake m'chipinda chimodzi. Anagwada bwinobwino, naomba m'manja monga tinamuphunzitsira. Maondo anagwada, koma mawu anaimirira.

"Abambo aakulu, wotchi tengani. Suti tengani, ngakhale mpando mwakhalirawo. Kakiyiko ndibwerekeni masana amodzi okha, nditsirize ntchito ya bambo anga."

"Iwe uli pa maliro, sutuluka pakhomo pano. Ndipo kuchipinda chozizira chija usadzapondekonso. Ndi chimene chinadya chifuwa cha abambo ako."

"Bambo anafa ndi impso."

"Ukundiyankha?"

"Ndikukuyankhani, abambo aakulu. Mawa ndikupita ku ntchito, ndi kiyi kapena popanda kiyi. Wofuna kufufuta adzayambe wandinyamula pa mpando."

Amake Nyarai, atafunda zakuda pakona, anakweza mutu koyamba chibwerereni kumanda, n'kuuweramitsanso.

Ife mfunda wathu ndi wa nyama ija ntchefu. Amuna a mtundu wathu timawathokoza kuti Mhofu, akazife ndife a Chihera, ndipo Harare yonse imadziwa kuti Chihera akati ayi, ngakhale kombi, minibasi yathu ija, imabwerera chambuyo. A Zvenyika amadziwanso. Anakula ndi ine.

"Uchihera wakowo ukachitire kwa mwamuna wako, ngati udzamupeze," anatero. "Pano pali ine."

Tsono muwadziwe bwino achimwene angawa. Kalekale anali ndi kabenchi ku Mbare, pokonzera mawailesi. Wailesi inkabwera ikutsokomola, n'kubwerera kwawo ili chete ngati mkamwini. Koma kuyambira pamenepo, chilichonse chokhala ndi waya padziko lino chinayamba ndi iwo. Pamanda paja anayankhula mpaka abusa anakakhala pa chulu: kuti Garikai anagwira waya woyamba m'manja mwawo, kuti akanapanda iwo bwenzi mwanayo akuweta mbuzi. Moyo wake wonse Garikai ankamva zimenezi, ndipo sanatsutsepo n'kamodzi komwe. Ankangomwetulira, n'kuti, "Eya, Mhofu."

Ine ndine azakhali a pakhomopo, ndipo zovala za mlongo wanga wogawa ndine. Ndinakonza kukhosi.

"Achimwene, zovala sizigawidwa zisanakwanire. Juzi yake ili ku ntchito, ndi kapu yake. Wokatenga ndi mutu wa banja."

"Zimenezo ndikudziwa."

"Komanso ndikudabwa ine. Mwanayu akupempheranji kiyi? Kwathu munthu akafa munda uli pakati, amene watenga khasu lake ndiye amautsiriza. Khasu lili m'khosi mwanumo. Kapena zinthu za masiku anozi zakukulirani? Nenani, tonse takalamba."

"Zandikulira ine? Marwei, mutu wako uli bwino? Makina amene aja amandidziwa! Garikai sankalumikiza waya osandiimbira foni. Zonse zili m'menemo tinakonzera limodzi. Ali m'chipatala anandigwira dzanja ili, nati, 'Mhofu, mudzatsirize ndinu.'"

Nyarai anatsegula pakamwa. Ndinamutsina pantchafu. Mayi Mhlanga anayamba kuyang'anitsitsa zala zawo za kumapazi ngati akuziona koyamba.

"Ndiye mawa," ndinatero.

"Mawa!"

M'mawa mwake tinakwera kombi atatu, ine, Nyarai ndi a Zvenyika atavala suti ya maliro ija, atanyamula chikwama chawo chakale cha zida zokonzera wailesi. Tikutuluka pageti, amake Nyarai anandikoka chitenje.

"Juziyo ndi yobooka pachigongono," ananong'ona. "Musaisiye poganiza kuti ndi sanza."

M'kombimo a Zvenyika anauza kondakitala, ndi mayi wina wonyamula tomato, ndi aliyense amene analibe kothawira, kuti mvula ya chaka chino ikudikira iwo. Kondakitala anati ngati zili choncho aigwetse msanga, fumbi lamukwana. Nyarai ankangoyang'ana pawindo.

Ku ntchitoko anzake a Garikai anatilandira atandanda pakhonde, aliyense kugwira chanza ndi kupepesa. A Zvenyika anayesa kuti mzerewo ndi wa iwo. Anayenda pang'onopang'ono, chifuwa patsogolo, kakiyi kakuvina pa tayi. Pakhomo la chipinda cha makina Mayi Mhlanga anawaimitsa mwaulemu.

"Chikwamacho chitsale kuno, bambo."

"Mmisiri alowe opanda zida?"

"Mmisiri wamkulu ngati inu safuna zida."

Anachisiya mosangalala.

Ana aja a m'chilape changa ndi amenewa tsopano. Makabati akuda, aatali kuposa munthu, atandanda mizeremizere, ndipo m'kabati iliyonse makompyuta atasanjikizana ngati mathireyi a mazira, timagetsi tawo tikuphethira. Phokoso ngati njuchi zalowa m'chigayo. Kuzizira kwake, ndinamva mano amene anazuka kale akugwedezeka.

A Zvenyika anayang'ana uku ndi uku, nasankha chikabati chachikulu kuposa zonse, choyera, chili pachokha pakona. Anaima patsogolo pake, naomba m'manja mwaulemu.

"Tafika, akuluakulu. Ndine mkulu wake wa Garikai."

"Bambo," anatero Mayi Mhlanga, "chimenecho n'chouzira mphepo yozizira."

"Ndikudziwa! Ine ndimayamba ndi kupatsa moni antchito."

Kenako anayamba kusaka bowo. Anawerama pa kabati yoyamba, kakiyi kali m'manja, kusuzumira kompyuta yapansi, yachiwiri, yachitatu, kufuna kuzitsegula imodziimodzi ngati zitseko za nyumba za lendi.

"Achimwene," ndinafuula kuti ndipose njuchi zija, "alipo mazana. Mutsiriza pa Khirisimasi."

"Khala chete, Marwei, ukundisokoneza."

Mphuno inayamba kuchucha. Suti ya maliro ndi ya dzuwa la ku Buhera, si ya m'firiji. Nyarai anaima pakhomo atapinda manja, osasuntha.

"Nyarai, bowo la kiyi analibisa kuti abambo ako?"

"Mwati munakonzera limodzi."

"Ndikukuyesa!"

"Ndalephera mayeso, abambo aakulu. Ndionetseni."

Akanafera momwemo munthu wamkulu, tikanaika awiri mwezi umodzi. Mayi Mhlanga ndiwo anawamvera chisoni. Anatitengera m'chipinda choyandikana nacho, chofunda, chokhala ndi windo lalikulu loonera makabati aja. M'menemo munali tebulo la Garikai. Kapu yake inali pomwepo, tiyi ataumira pansi. Juzi yotuwa inali pamsana pa mpando, chigongono chobooka chili lende. Pakhoma panali sikirini yaikulu yodzaza timabokosi, kabokosi kalikonse kompyuta imodzi, theka tobiriwira, theka totuwa ngati phulusa.

"Simuyenda nazo imodziimodzi, bambo," anatero Mayi Mhlanga. "Mumauza iyi ya patebuloyi, iyo n'kutumiza kwa zonse."

"Ndimafuna ndione kaye ngati zili zaukhondo," anatero a Zvenyika akupukuta mphuno. Anayang'ana mabatani a patebulo paja, nayang'ananso. "Kapitawo salemba yekha. Iwe, khala apo, ulembe zimene ndikuuze."

"Dzulo munati ndisadzapondenso kuno."

"Lero ndakuloleza."

"Sindinapemphe chilolezo."

Anakhala pa mpando wa bambo ake, osaichotsa juzi. Anzake a Garikai anali atadzaza pakhomo, ena kusuzumira pamapewa a anzawo.

"Kiyi," anatero Nyarai, atatambasula dzanja.

"Siichoka m'khosi muno."

"Bowo lili apo." Analoza bokosi lomwe linali pansi pa tebulo.

Chingwe cha nsapato mumachidziwa kutalika kwake. A Zvenyika anawerama, sichinafike. Anapinda bondo limodzi, sichinafike. Anagwada onse awiri, nalowetsa mutu pansi pa tebulo, kakiyi n'kulowa. Ndipo poti kakiyiko kamayenera kukhala momwemo mpaka ntchito ithe, mutu wa banja lathu unatsala chogwada pambali pa mapazi a mwana wa mng'ono wake, utamangidwa m'khosi ngati mbuzi ya pamsika.

"Kakaphethira mukagwire pa kadontho ka golide," anatero Nyarai.

"Usandiphunzitse. Lemba. Uwauze kuti eni ake afika. Uwauze onse nthawi imodzi."

Zala za Nyarai zinathamanga pa mabatani. Sindikhulupirira kuti analemba za eni ake.

"Ndiyamba ndi imodzi," anatero.

"Ndati onse!"

"Bambo ankayamba ndi imodzi. Ikadya osadwala, amapatsa khumi. Zikadya osadwala, ndiye zonse. Ukalakwitsa pamodzi n'kutumiza kwa zonse, walakwitsa kamazana."

"Kapitawo ndani pano?"

"Mukhoza kufunsa mpaka madzulo, abambo aakulu. Gwirani kakiyiko, kakuphethira."

Anakagwira. Kabokosi kamodzi kotuwa kanayamba kuphethira, kuphethira, ife mitima ili m'mwamba, pakuti kakanakana ndiye kuti kampani ya ku Joni yapambana. Kenako kanabiriwira, ndipo pansi pake panatuluka mzere wa mawu.

Ine sukulu ndinalekera pamene aphunzitsi anayamba kufunsa mafunso. Koma pali liwu limodzi limene ndimaliwerenga ngakhale lili chadodolido, chifukwa linalembedwa kumbuyo kwa theka la makombi a mu Harare. Ndinaliona pakhoma paja, m'chiyankhulo chathu, osati Chingerezi.

Mayi Mhlanga anawerenga mokweza: "Mwagwira ntchito, Chihera."

Manja a Nyarai anachoka pa mabatani. Sankadziwa. Panalibe amene ankadziwa kuti malemu anabisamo mawu amenewo. Ndinakumbukira Garikai ali m'chipatala, laputopu ili pamimba, anamwino akumukalipira kuti apume, iye akumwetulira yekha ngati mwana wobisa shuga m'tsaya.

"Yati chiyani?" anafunsa a Zvenyika kuchokera pansi pa tebulo, khosi atalipotoza kuti aone.

"Yathokoza, achimwene."

"Yathokoza ndani?"

"Chihera."

"Yasokonezeka imeneyo. Ndi yakumapeto, kamwana. Sikandidziwa. Funsa zina."

Nyarai anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, natumiza kwa khumi. A Zvenyika anagwira kadontho. Timabokosi khumi tinabiriwira kamodzikamodzi, ndipo kalikonse kanayankha pakokha, mzere pansi pa mzere. Mayi Mhlanga sanavutikenso kuwerenga. Pakhomo paja wina anatsokomola chitsokomolo chimene sichinali chitsokomolo.

"Zapatsirana matenda," anatero a Zvenyika. "Tumiza kwa zikuluzikulu, zimene tinkakambirana ndi Garikai pa foni. Muona."

"Mwatsimikiza, abambo aakulu?"

"Tumiza!"

Koyamba chiyambireni maliro, Nyarai anawamvera.

Munaonapo dambo likubiriwira mvula yoyamba itagwa? Khoma lija linatero, kuyambira pamwamba kutsika, kabati ndi kabati. Ndipo mizere inkatsika ngati madzi a padenga, Chihera, Chihera, Chihera, mpaka maso anga anatopa n'kuwerenga, ine amene ndinali ndisanatopepo ndi kuwerenga chibadwire. Anzake a Garikai anayamba kuomba m'manja.

"Dikirani," anatero Nyarai.

Pakati pa kubiriwira konseko, kabokosi kamodzi kanatsala kotuwa.

"Eyaa!" anafuula a Zvenyika, n'kudzigunda mutu ku tebulo. "Mwaiona? Imeneyo ndiyo yanga! Yakana kunama. Ndiyo ili ndi nzeru zanga imeneyo, enawa ndi ongotsatira. Isiyeni iganize, itchula dzina loyenera."

Nyarai anaimirira, natenga juzi pamsana pa mpando, n'kuivala. Inamufika m'ntchafu, chigongono chake n'kutulukira pabowo lomwe lija. Analowa m'chipinda chozizira, ife tikumuonera pawindo. Anayenda m'mizere akuyang'ana manambala, naima pa kabati ina, n'kugwada. Anazula kawaya kena kumbuyo, nakauzira, n'kukabwezera. Poimirira anasisita chitseko cha kabatiyo ndi chikhatho, monga umachitira mwana amene wachedwa kudzuka.

"Ndi momwe ankachitira Garikai," anatero Mayi Mhlanga chapansipansi. "Ngakhale titamuuza kuti imodzi yokha ilibe kanthu, tiione mawa. Sankatuluka muno wina asanayankhe."

Kabokosi kaja kanaphethira. Kanaphethiranso.

"Tcherani khutu nonse," anatero a Zvenyika, chala chili m'mwamba. "Mayi, werengani mokweza, azimva."

Kanabiriwira.

Mayi Mhlanga anayesa. Anatsegula pakamwa, nagwira pamimba, kuseka kutawapambana. Ndiye ndinawerenga ine, ndi sukulu yanga yonse.

"Chihera!"

Kalanga ine, kuseka kwake! Anyamata a mataye anagwirana mapewa. Mlonda anabwera chothamanga kuyesa kuti kwabuka moto, atamva nkhani anakakhala pansi pakhonde. Nyarai anatulukira atavala juzi ya bambo ake, misozi ili mbwembwembwe, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Ine ndinaimba nthungululu mpaka njuchi za m'chipinda chija sizinamvekenso.

"Koma achimwene," ndinatero nditapeza mpweya, "kiyi ili m'khosi mwanu. Chala chogwira ndi chanu. Mwanena nokha kuti makinawa amakudziwani. Ana mazanamazana sanganame onse."

Ndinamasula chitenje changa chapamwamba n'kuwafunditsa m'mapewa, poti anali akunjenjemerabe.

"Takulandirani kwa akazi anzanu, achemwali. Mwachedwa kutiuza."

A Zvenyika anafuna kudzuka mwaukali, chingwe n'kuwabweza. Anayesanso, chinawabwezanso. Potsiriza anaweramitsa mutu, nachivula okha, n'kutuluka chokwawa chambuyo, chitenje changa chili pamsana. Kakiyi kanatsala m'bowo, chingwe cha nsapato chikugwedezeka.

"Makina a masiku ano alibe mwambo," anatero akusasa maondo.

"Eya, Mhofu," anatero Nyarai, ndi kumwetulira kuja kwa bambo ake.

Kuseka kunayambiranso. Ine ndinatenga kapu ya mlongo wanga n'kuikulunga pa mpango. Munthu uja moyo wake wonse sanamuyankhepo mkulu wake. Anangodikira, n'kudzamuyankha kamodzi kokha, ndi pakamwa mazanamazana.